Mwala wa Che Abdulmajidi

Madzulo amenewo ku Kigamboni kunali ngati masiku onse. Asodzi ankakokera ngalawa zawo pamchenga. Pantoni yoolotsa anthu padoko inkalira tsidya lina. Fadili anafika kuchokera ku ntchito malaya atanyowa ndi thukuta, ndipo anapeza mlongo wake Mwanakheri ataima pakhomo ndi mbale ya mchenga m'manja, nkhope ili ndwii.

"Aukananso," anatero Mwanakheri. "Akuti ukununkha nsomba."

Wokana mchengayo anali bambo awo, Che Abdulmajidi. Mkuluyu anachoka kwawo m'munsi mwa phiri la Chikala ali mnyamata, nadzagulitsa nsalu m'Dar es Salaam mpaka imvi mbuu. Tsopano miyendo inali itafa, ndipo mikono ndi mapazi zinali ndi zilonda zimene madzi akangozikhudza zinkanyeka. A kuchipatala anawaletseratu madzi. Kwa Msilamu imeneyi si nkhani yamasewera, chifukwa munthu saswali asanatsuke nkhope, mikono ndi mapazi. Shehe anawauza kuti wodwala ali ndi njira yake, imene amati tayamamu: umenye zikhatho pa fumbi loyera, udzipukute nkhope ndi mikono, basi wayera. Koma fumbi loyeralo ndi liti? La pabwalo ankati mbuzi zakodzerapo. La kumsewu ankati agalu ndi zidakwa. La kunyanja ndi ilo, nsomba. Makani a mkulu ameneyu ankadziwika mpaka ku msika wa Kariakoo, koma apa sizinali zoseketsa. Mwezi unali utatha asakuswali, ndipo usiku ankalira ngati mwana.

"Ndikafa chonchi ndikaima bwanji pamaso pa Mulungu?" anatero mkuluyo, Fadili atalowa kudzawapatsa moni. "Fumbi la kuphiri, mwana wanga. Kumene sikuponda munthu."

Fadili ameneyu anali munthu wa mafunso. Anthu ankati akanakhala mbuzi bwenzi atafa kalekale mutu uli mumphika, chifukwa chilichonse ankafuna kusuzumiramo. Khalidweli anatengera bambo akewo. Ndiye zinangochitika kuti mnzake Joachim, mmisiri wa mipando ku Keko, Mkhristu wa makolo a ku Chikala komweko, anali atamudya nayo mutu nkhani ya miyala ina yake. Ankati pamwamba pa phiri lina kupitirira Tukuyu, kwawo kwa mkazi wake, kuli miyala yoima ngati nsanamira za tchalitchi, koma palibe anaimanga. Fadili ankafa nako kufuna kukaiona. Tsopano chifukwa chinapezeka chimene ngakhale abwana ake sakanachikana.

Fadili ndi Joachim anakwera lole ya mlamu wake wa Joachim, atakhala pamwamba pa migolo ya petulo yopita ku Zambia. Msewu wa zaka zimenezo, Uhuru, ufulu wa dziko, utangobwera kumene, unali fumbi ndi maenje okhaokha, moti pofika ku Mbeya matako anali asakumvanso kanthu. Kuchoka apo anakwera basi. Kumudzi kwa apongozi a Joachim anawapatsa mkulu wina woweta ng'ombe, dzina lake Eliya, kuti awatsogolere.

Anayamba kukwera kusanache bwino. Minda ya nthochi inatha, nsungwi zinayamba. Nsungwi zinatha, kunatsala udzu waufupi ndi mphepo. Fadili, mwana wobadwira m'kutentha kwa kugombe, mano ankangogundana, koma pakamwa sipanatseke ayi. Dothi ili ladera chiyani? Kasupe uyu akufukiranji nthunzi pamene kukuzizira chonchi? Eliya ankayankha m'Chiswahili chake cha kumapiri kuti kalekale phirilo linasanza moto, miyala nkumayenda ngati phala.

Pamwamba panali thyathyathya mpaka kumene maso alekezera. Kumapeto kwake ndiye kunali miyala ija. Yakuda bii, yoima mothithikana, ya makona makona, ina yotalika kuposa mitengo ya kokonati ya ku Kigamboni. Ina inali itagwa nkuduka zipika zipika. Joachim anaisisita ndi chikhatho.

"Ine ndapala matabwa moyo wanga wonse," anatero, "koma mbali yowongoka chonchi sindinaitulutsepo."

Fadili anagogoda umodzi ndi chigwiriro cha mpeni, ndipo unalira ngati chitsulo. Anagogoda wina, unalira mosiyana. Anaika khutu pamng'alu, anamva mphepo ikung'ung'uza m'kati. Anakwera, anatsika, anakwawira pansi pa yogwa ija. Zoti anabwerera fumbi anazikumbukira dzuwa litapendeka. Apo ndi pamene anayang'ana pansi, mtima nkumugwa. Kumene bambo ake ankati sikuponda munthu kunali ndowe za ng'ombe paliponse.

Pobwerera, pamene njira imakhota pakati pa nsanamira zija, panali mulu wa miyala wofika m'chiuno. Udzu wozungulira muluwo unali wosapondedwa, ndipo tinjira ta ng'ombe tinkaulambalala patali. Eliya anatola mwala, anauika pamwamba, nawauza kuti nawonso atero.

"Chifukwa chiyani?" anafunsa Fadili, monga mwa nthawi zonse.

Eliya anafotokoza kuti zaka za makolo ake munthu wina anasochera m'nkhungu pamalo amenewo akufunafuna ng'ombe. Mtembo wake sunapezeke. Abale ake anaunjika miyala kuti akhale ndi pogona, ndipo aliyense wodutsa amawonjezerapo wake. Ali mkati molankhula, nkhungu inayamba kukwera kuchokera kuphompho. Eliya anadula nkhani, nati tiyeni msanga.

Fadili anaika mwala wake. Poweramuka, diso linagwera pa mwala wina wotuwa chakumwamba kwa muluwo, wopepuka, wa timabowo ngati malesa a uchi. Anaupaka ndi chala, chala chinatuwa ndi fumbi losalala ngati ufa wosefa. Apa sipanakodzepo mbuzi. Apa sipanapondepo ng'ombe. Pa phiri lonselo malo oyera anali amenewa basi. Mumtima anati, ndaika umodzi, ndatenga umodzi, mwini mulu angadandaule chiyani? Anauponya m'thumba la jekete, nathamangira anzake aja osawauza kanthu.

Atafika nawo ku Kigamboni, Che Abdulmajidi anaununkhiza nthawi yaitali. Kenako misozi inatsika.

"Ili ndiye fumbi," anatero.

Anamenyapo zikhatho, anapukuta nkhope ndi mikono, naswali chogona. Tsiku limenelo anadya mpunga mbale yonse, mpaka kupempha wina. Mwalawo anausunga pansi pa pilo, ndipo m'nyumba munabwerera kuseka.

Panapita masiku angapo. Usiku wina, anthu atangobwera kumene ku swala yomaliza, Fadili anali pakhonde akukupiza mphepo ndi katoni. Unali mwezi wa Disembala, kutentha kwake koti ngakhale abuluzi amapuma wefuwefu. Pantoni yomaliza inali itaoloka kale.

"Hodi."

Mawuwo anachokera pafupi kwambiri, koma iye sanamve mapazi. Anakweza koloboyi. Pamalire a kuwala panaima munthu wamtali, wopanda nsapato, atadzikulunga bulangete lokhuthala mpaka m'khosi. Ankanjenjemera. Bulangetelo linali ndi mame, ndipo m'mphepete mwake munakanirira timbewu ta udzu. Pamene anaimapo pankachokera kamphepo kozizira konunkha utsi wa nkhuni zaziwisi.

Wina akanathawa. Fadili anasendera pafupi kuti aone bwino.

"Karibu, bambo. Mwaoloka bwanji pantoni itagona?"



"Mphepo ikulowa," anatero munthuyo. "Mwala uja unali wa kumutu."

Pambuyo pake Fadili anayesa kukumbukira kuti munthuyo ankalankhula chinenero chanji, Chiswahili kapena Chichewa, koma analephera. Chimene ankadziwa nchoti anamva zonse. Tsitsi linamuima. Komabe lilime lake lija silinagone.

"Koma ndinasiyapo wina."

"Umene munaikawo ndi wanu. Umene munatengawo anaika ndi amayi anga."

M'chipinda Che Abdulmajidi anatsokomola. Fadili anaganiza za mwezi uja wa misozi, ndi mbale za mchenga zobwezedwa.

"Pepani, bambo. Ndinalakwa, ndavomera. Koma muno muli wodwala, ndipo popanda mwala umenewu sangapemphere. Sindingawalande."

"Adzaufuna mpaka liti?"

"Mpaka Mulungu adzawaitane."

Munthuyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati wamva zanzeru.

"Ndidikira," anatero.

Anapita pansi pa mtengo wa mango moyang'anana ndi zenera la wodwala, nakhala pansi, maondo m'khosi. Fadili atalowa m'nyumba ndi kutseka chitseko, ndi pamene anazindikira chimene pakamwa pake panachita. Anali ataika munthu pakhomo woti azidikira imfa ya bambo ake.

Kutacha pansi pa mangopo panalibe munthu. Koma dothi linali lonyowa, lozizira, ndipo nkhuku za Mwanakheri zinkapalambalala. Madzulo, mdima utangogwira, uyo ali pompo. Mawa lake chimodzimodzi. Sankapempha madzi, sankathamangitsa udzudzu, ndipo udzudzuwo sunkamuyandikira. Ana a oyandikana nawo ankasewera chibisalirano nkumadutsa pafupi naye osamuona, kungoti ankati pansi pa mango a Che Abdulmajidi pakuzizira bwino. Mwanakheri nayenso sankamuona. Iye ankangodabwa kuti mtsuko wa pakhonde ukumazizira ngati wa kuhotela.

Mantha ndi mantha, koma chidwi cha Fadili chinali matenda. Ankasuzumira pamng'alu wa chitseko. Anaona kuti munthuyo akapuma, pakamwa pake pankatuluka nthunzi. Anaona kuti mwezi ukawala, mtengo unali ndi chithunzithunzi chake koma iye ayi. Usiku wina anadzigwira mtima, nafunsa ali pakhonde:

"Kodi m'nkhungu muja munaona chiyani?"

"Kuseri kwa miyala ija kuli ina," anayankha munthuyo. "Inu munangoona ya pakhomo."

Usiku umenewo Fadili sanagone, mwina ndi mantha, mwina ndi kufuna kudziwa kuti inayo ndi yotani.

Tsono Che Abdulmajidi anayamba kusintha. Swala sankaphonya, nkhope inali yowala, koma chakudya ankangochilawa. Anapempha bulangete. M'Disembala, ku Dar es Salaam, bulangete! Fadili atawagwira mapazi anapeza ali zii ngati mwala wa mumtsinje.

Anaoloka kupita ku Keko. Anapeza Joachim akupala mwendo wa tebulo, namuuza zonse. Joachim anaika pulena pansi.

"Iwe, pamulu paja? Eliya atalankhula zonse zija?"

"Ndimafuna poyera."

"Poyera pake nchifukwa pali mwini. Mupatse chake azipita, achimwene. Akamachedwa pakhomo azolowera."

Anamupatsa mwala wake wonolera, wabwino, wogula kwa Amwenye, kuti akayese kusinthanitsa. Madzulo Fadili anagwada pafupi ndi bedi.

"Baba, ndakupezerani mwala wina. Uwo ndibwezereni, uli ndi mwini wake."

Mkuluyo sanauyang'ane nkomwe mwala wonolerawo.

"Uja wa pansi pa mangoyo?"

Fadili anacheukira kuzenera.

"Ukuyesa ndine wakhungu? Miyendo ndi imene inafa, maso alipo. Ndipo mwandichititsa manyazi, iwe ndi mlongo wako. Mlendo kukhala pakhomo masiku onsewa opanda ndi kapu ya chai yomwe?"

"Mumalankhula naye?"

"Pazenerapa, inu mukagona. Munthu waulemu kwambiri. Iwe unandiuza kuti miyala ija imalira ngati chitsulo. Sunandiuze kuti kuseri kwake kuli ina yogona chopingasa ngati mlatho, madzi akudutsa pansi. Unapita kukaona chiyani, mwana iwe?"

Ankalankhula maso akunyezimira, ngati kale akamafunsa amalonda a pa madau, ngalawa za matanga, za mayiko a kutali. Fadili anamva chisoni ndi mantha pamodzi.

"Baba, munthu ameneyu akudikira imfa yanu. Ndinamuuza ndine."

"Aliyense ali ndi womudikira. Wanga bola ndikumuona." Anakankhira dzanja pansi pa pilo. "Mwala sindipereka. Ndinakhala mwezi wathunthu ngati galu pamaso pa Mulungu. Sindibwererako."

Apa Fadili anasowa pogwira. Akausiya mwalawo, bambo ake azizirabe mpaka kutha. Akaulanda, awabwezera kumisozi ija, ndipo mwina adzafa osayera, chinthu chimene ankachiopa kuposa imfa yeniyeniyo. Anazunguzika nazo masiku, uku mkuluyo akunka naonda. Mawu anayamba kuchepa. Bulangete limodzi linaleka kukwanira.

Tsiku lina mbandakucha anaganiza zoti zikhale zikhale. Kuli bwino bambo amoyo ondikwiyira. Analowa m'chipindamo chonyang'ama, nalowetsa dzanja pansi pa pilo pang'onopang'ono. Zala zitangokhudza mwala, dzanja lozizira linamugwira pamkono.

"Wakuba pamulu, wakubanso kwa bambo ako?"

"Baba, ndikhululukireni. Sindingathe kukuonani mukutha chonchi."

Kunja atambala anali atayamba.

"Chabwino," anatero mkuluyo. "Nayenso wazizidwa mokwanira. Koma adhana yoitanira ku swala ili pafupi. Ndiyere kaye, kenako ukapereke."

Fadili anayatsa koloboyi, nawagwirizira mwalawo. Che Abdulmajidi anamenyapo zikhatho, napukuta nkhope yonse mosafulumira, kuyambira pamphumi mpaka kundevu. Anamenyanso, napukuta mkono wamanja, kenako wamanzere. Kumzikiti mawu oitanira ku swala anayamba.

"Tenga. Usamuchedwetse."

Fadili anatuluka mtima utapepuka. Kwa nthawi yoyamba anapeza munthu uja ataimirira, bulangete atalimanga bwino ngati wa paulendo. Analandira mwalawo ndi manja awiri, naulowetsa m'chifuwa. Kunjenjemera kuja kunaleka.

"Pepani chifukwa cha zonse," anatero Fadili. "Muyende bwino."

Munthuyo sanasunthe. Ankayang'ana kupyola phewa la Fadili, kukhomo la nyumba.

"Mwala mwalandira. Mukudikiranso chiyani?"

"Anati ndikawaonetse ya kuseri ija."

Fadili anathamangira m'nyumba, nagunda mtsuko wa pakhonde. Che Abdulmajidi anali chigonere chammbali, atayang'ana ku Maka, chala cha mkombaphala chitawongoka monga amachitira munthu pothera swala. Fumbi lotuwa linali likadali pamphumi. Anawaitana, anawagwedeza. Mwanakheri anadzuka ndi phokosolo, ndipo kulira kwake ndi kumene kunadzutsa mudzi. Pansi pa mango panalibe munthu.

Dzuwa litakwera, anthu atadzaza pabwalo kukonzekera zoika maliro tsiku lomwelo, anafika mayi Chausiku, amene ankagulitsa vitumbua pokwerera pantoni. Beseni linali likadali pamutu.

"Maliro a ndani pano?"

Atauzidwa, anatula beseni pansi, nakhala pomwepo.

"Musandinamize. Ndawapatsa moni wa shikamoo m'mawa uno pa pantoni yoyamba, ndipo ayankha. Anavala kanzu yoyera, akuyenda ndi miyendo yawo. Ndinati Mulungu ndi wamkulu, achira. Anali ndi mlendo wina wa bulangete."

Kunong'onezana kunayambira pomwepo, ndipo ku Kigamboni kunatenga zaka kusanathe. Ena ankati mwana anapha bambo ake ndi mwala wa pamanda. Ena ankati chiwanda cha kumapiri chinabwera kudzatenga chake, nkutengerapo ndi chiwongoladzanja. Shehe anawadzudzula onse, nati tsiku la munthu linalembedwa kale, ndipo mayi wogulitsa vitumbua mumdima angaone chilichonse.

Fadili sanatsutse aliyense. Atabwera kumanda anamufunafuna Chausiku, namupeza kuseri kwa nyumba akuthandiza amayi kutsuka mbale. Munthu wa mafunso uja anali atatsala ndi limodzi lokha.

"Mayi, ndiuzeni zoona. Bambo anga aja, munthuyo amachita kuwakoka?"

Chausiku anamuyang'ana, manja ali ndi thovu.

"Kuwakoka? Mwana wanga, iwo ndi amene anali patsogolo. Amachita kumukalipira mnzawoyo kuti ayende msanga, pantoni ingawasiye."